Mayi Apolonia Pyo ndi Pepala la Mwana Wawo

Mayi Apolonia Pyo Mal-sun, a m'limana la kuseri kwa msika, anatisiya Lachitatu m'sabata yachiwiri ya Lenti ali ndi zaka 73. Bungwe la parishi lati mbiri yawo ilembedwe m'kalata ino ndipo ikhale yolimbikitsa. Ilembedwa monga momwe zinachitikira. Amene iwapweteke akudziwa okha chifukwa chake.

Anabadwira ku Dokbae, mudzi wa oumba mitsuko wa kumapiri. Anali mwana wamkazi wachisanu ndi chimodzi, ndipo bambo ake atamva kuti wabadwanso wamkazi anangobwerera ku ng'anjo osafunsa zambiri. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anayamba kutsagana ndi mayi ake m'misika, mtsuko wosungiramo kimchi, ndiwo za kabichi wowawasa, uli pamutu. Sukulu analekeza kalasi yachinayi. Wansembe ankafika kumudziko kawiri pachaka, ndipo asanapereke masakramenti ankafunsa katekisimu aliyense, mkulu ndi mwana yemwe. Mal-sun ankaloweza mayankho panjira ya kumsika, mayi ake akufunsa patsogolo, iye akuyankha pambuyo, onse maso ali pamiyala kuopa kugwetsa katundu.

Ali ndi zaka 24 anakwatiwa kuno ku Saetgol ndi a Maeng Gil-su, okonza makina olimira, mwana wamwamuna woyamba pabanja lawo. Anabereka mwana wamkazi, Hye-suk, kenaka kwa zaka zisanu ndi zitatu kunali zii. Apongozi awo aakazi, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, ankakonda kunena pa chakudya kuti dzina la a Maeng lithera panyumba imeneyi. Mayi Apolonia ankangowawonjezera msuzi. Kenaka kunabadwa Du-sik, ndipo agogowo anagawa makeke a mpunga mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Mwanayo sankayang'ana munthu m'maso. Agogo ake ankanyadira zimenezo kwa alendo. "Taonani ulemu," ankatero. "Khanda lodziwa kale kugwetsa maso pamaso pa akulu. Magazi a kwa Maeng amenewo." Atafika zaka zitatu osalankhula, iwo anati agogo ake aamuna nawonso analankhula ali ndi zisanu ndipo anadzakhala mlembi wa mudzi. Mayi Apolonia okha ndi amene ankaona zina. Akamuitana dzina sankacheuka, koma basi ikamatulukira kuphiri ankaimva anthu onse asanaimve. Ankandandalika timitengo todyera kuyambira pakhomo mpaka kukhitchini, ndipo wina akasuntha kamodzi ankalira mpaka kusanza.

Ali ndi zaka zisanu anapita naye kuchipatala chachikulu cha mumzinda, mayi, bambo ndi agogo. Dokotala atamupima theka la tsiku anawakhazika pansi.

"Pali mayina awiri," anatero dokotalayo. "Loyamba ndi otizimu. Mwana amabadwa nawo ndipo amakula nawo, koma akaphunzitsidwa mwa njira yake amaphunzira. Lachiwiri ndi vuto la mwana amene sanalandire chikondi chokwanira kwa mayi ake ali wakhanda. Pooneka amafanana."

"Kubadwa nawoko ndiye kuti ndi a m'magazi?" anafunsa agogowo.

"Nthawi zina amayenda m'banja."

"Kwa Maeng kulibe zimenezo. Buku la mtundu wathu lili ndi mibadwo makumi awiri, mulibe wotero ngakhale mmodzi. Adokotala, mwanayu ali ndi mlongo wake. Mukalemba loyambalo adzamukwatira ndani?" Kenaka anatembenukira kwa mpongozi wawo. "Iwe make mwana, si paja unkamusiya akulira ukamapita kumunda wa tsabola?"

Mayi Apolonia sanamusiyepo ngakhale tsiku limodzi. Ankathyola tsabola atamubereka kumsana mpaka phewa lawo lakumanzere linapendekeka, ndipo linakhala choncho mpaka m'bokosi. Anayang'ana amuna awo kuti anenepo kanthu. A Gil-su ankawerenga kalendala ya pakhoma.

"Lembani lachiwirilo," anatero mayi Apolonia. "Ndinalakwa ndine."

Nkhaniyo inafika ku Saetgol iwo asanatsike basi. Kuyambira pamenepo mayi aliyense m'parishi muno anasanduka katswiri wolera ana. "Muzimukumbatira, amake Du-sik, sizitengera sukulu zimenezo," ankawauza pakhomo la tchalitchi. Nyengo yokonza kimchi ya chisanu, pamene amayi amazungulira nyumba ndi nyumba kuthandizana, kwawo sankafikako, ndipo wina anamveka akuseka kuti manja ozizira chotero kabichi sangawawase. Du-sik ankakuwa atatseka makutu ogani ikayamba kulira. A tcheyamani a nthawi imeneyo anawapempha mwaulemu wonse kuti azibwera ku Misa ya sikisi m'mawa, imene ilibe nyimbo ndipo imakhala ndi anthu osakwana khumi. Anavomera. Anabwera ku Misa imeneyo zaka makumi atatu ndi zinayi.

Du-sik atafika zaka zoyambira sukulu, ahedi anawerenga pepala la kuchipatala lija n'kuvula magalasi. "Apa akuti mwanayu si wolumala, ndiye mphunzitsi wapadera sitingamupezere," anatero. "Akuti mankhwala ake ndinu. Muzibwera naye." Motero mayi Apolonia anakhala m'khonde la sukuluyo zaka zisanu ndi chimodzi. Kungokhala kunkawachititsa manyazi, ndiye anapempha chokolopera. Ankakolopa kuyambira ku ofesi mpaka kuzimbudzi, khutu lili ku kalasi ya mwana wawo. Palibe anawalemba ntchito ndipo palibe anawaletsa.

M'khonde mmenemo ndimo anamudziwira mwana wawo. Chaka chilichonse mu Malichi ana ankaima pamzere kuyambira wamfupi mpaka wamtali n'kupatsidwa manambala, ndipo nambala yako ndiyo inali malo ako pashelefu ya nsapato ya pakhomo la kalasi. Chaka choyamba Du-sik anali 11. Chaka chachiwiri anali atatalika, anakhala 19. M'mawa uliwonse ankachotsa nsapato za mnzake pa 11, kuziponya pansi, n'kuikapo zake. Aphunzitsi ankamukwapula m'manja, iye n'kumadzimenyetsa mutu pakhoma. Zinatero masabata atatu.

"Makani, mayi," anatero aphunzitsiwo. "Amamva bwinobwino ameneyu. Ndamuuza kakhumi."

Mayi Apolonia sanatsutse. Atafika kunyumba anapanga shelefu ndi mabokosi a maapozi, n'kulembapo manambala. Anang'amba kalendala yakale ya parishi, kuseri kwake n'kujambula nsapato, muvi ndi 19. Kujambula sankadziwa, nsapatozo zinkaoneka ngati nsomba zouma. Koma Du-sik analiyang'anitsitsa pepalalo, kulitembenuza, kulinunkhiza. Tsiku lachinayi anaika nsapato zake pa 19 n'kulowa m'kalasi ngati kuti sipanachitike kanthu.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinkajambulidwa chisanachitike: kudzuka, basi, kuvula nsapato, masamu, mpunga wa masana, kukonza m'kalasi, kunyumba. Ankadula mapepalawo kukhala timakhadi, kutiboola pakona n'kutimanga ndi chingwe. Khadi likatha Du-sik ankalitembenuza yekha. Febuluwale aliyense ankamuyeza msinkhu pachitseko n'kuyamba kumukonzekeretsa nambala yatsopano. Kuwerenga anaphunzirira pa ndondomeko ya mabasi ya padepoti. Mwa aphunzitsi asanu ndi mmodzi amene anamuphunzitsa, mmodzi yekha, mtsikana wongoyamba kumene ntchito dzina lake a Bong, ndiye anatuluka m'kalasi n'kufunsa mayi wokolopayo kuti, "Mayi, tandiphunzitseni, ndizitani naye?" Anamuchotsa pafupi ndi belu, ndipo zinthu zikafuna kusintha ankauza amake dzulo lake. Chaka chimenecho Du-sik sanamenyedwe, ndipo analemba chiganizo chake choyamba. Mayi Apolonia ankati, "Mwanayu sakana ayi. Amakhala asanaone. Musamangomuuza, muzimuonetsa."

Ukaristia woyamba analandira mochedwa, ali ndi zaka 14. Kawiri konse anakanika mafunso, chifukwa akakhala moyang'anizana ndi wansembe pakamwa pankatsekeka. Kachitatu mayi ake analimba mtima. "Bambo, musamuyang'ane," anatero. "Dziyendani patsogolo muzifunsa." Bambo mfumu anazungulira bwalo la tchalitchi kasanu ndi kawiri, buku lili m'manja, mnyamatayo ali pambuyo, ndipo sanaphonye yankho ndi limodzi lomwe.

Yesero lalikulu linabwera Du-sik ali ndi zaka 16. Mumzinda munali sukulu yophunzitsa ntchito zamanja kwa achinyamata onga iye, koma inkatenga okhawo olembetsedwa kuboma ndi dzina lenileni la vuto lawo, ndiponso okhawo omaliza sekondale yaing'ono chaka chomwecho. Agogo aja anali atamwalira. Koma chaka chomwechonso Hye-suk anali pa chitomero ndi mwana wa eni sitolo ya mankhwala, banja lokhala benchi yoyamba m'tchalitchi muno. Za Du-sik ankazidziwa ndipo sizinkawadetsa nkhawa, popeza wolakwa anali mayi, osati magazi.

"Dikirani ukwati uchitike kaye," anatero a Gil-su. Mawu awo pankhaniyi anali omwewo basi.

Mayi Apolonia ankadziwa zomwe tchuthi cha mwezi umodzi chinkamuchita Du-sik: mawu ankatha, ankayambanso kudziluma dzanja. Chaka chathunthu ali m'nyumba sakanabwereranso mwakale. Anauza Hye-suk kuti akasinthitsa pepala lija, ali awiri kukhitchini akusadzula nyemba zophukira.

"Amayi, mwakhala mukunama zaka khumi ndi chimodzi," anatero Hye-suk. "Chaka chimodzi chokha chakukanikani?"

"Malo ake ndi a chaka chino, mwanawe."

"Nanga anga ndi a chaka chiti?"

"Ukadzabereka wotere kumeneko, apongozi ako adzafunsa kuti analakwa ndani. Udzayankha zomwe ndinayankha ine."

"Ndikanasankha ndekha zimenezo. Inu munasankha kale mwana wanu tsiku limene anabadwa. Ine ndinali wonyamula chikwama chake basi."

Lolemba lake mayi Apolonia anapita ndi Du-sik kuchipatala, ndipo dokotala wina analemba otizimu asanamalize n'komwe kapu yake ya tiyi. Pepalalo linadutsa ku ofesi ya boma ya kuno, ndipo ku Saetgol pepala silidutsa pa desiki osawerengedwa mokweza. Sabata isanathe amake mnyamata uja anafika ndi mphatso zonse za chitomero zitakulungidwa bwino m'nsalu. Anati anakafunsa kwa oona za masiku obadwa, ndipo akuti zaka za anawa sizikugwirizana. Akhristu a benchi yoyamba, kwa oona za masiku. Lamulungu lake mayi omwewo anawerenga mawu oyamba pa Misa yaikulu.

Hye-suk anapita kumzinda wa Busan mwezi womwewo n'kukalowa ntchito mu ofesi ya kampani ya nsapato. Ankaimba foni pa Chaka Chatsopano pokha, ndipo akayankha amake, iye ankangoti, "Apatseni ababa." A Gil-su anadya chakudya chawo atayang'ana kanema mpaka pamene anamwalira zaka zisanu ndi zitatu pambuyo pake. Mwa ife amene tinawatcha mayi wopanda chikondi zaka khumi ndi chimodzi, palibe anapita kukapepesa. Tinangosintha mawu, n'kumati ndi banja la magazi oipa. Iwo sanadandaule kwa munthu. Chimene anangonenapo n'chakuti, "Bodza lija ndinalinena kuti nditeteze mmodzi, koma linapweteka onse awiri."

Du-sik anaphunzira ntchito yochapa ndi kupinda nsalu. Wagwira zaka makumi awiri pamalo ochapira zofunda za m'zipatala, amakwera basi yekha, ndipo akuti nsalu yopinda iye siifuna simbi. Mbiri ya timakhadi tija inafalikira osalengezedwa. Amayi achitsikana a ana otere anayamba kugogoda pakhomo pawo, ena atavala zipewa zobisa nkhope. Loweruka lililonse masana ankakumana nawo m'chipinda chosungiramo mipando kuseri kwa holo, chifukwa holo yeniyeniyo nthawi zonse inkapezeka kuti ili ndi zina. Ankawaperekezanso kukakumana ndi aphunzitsi, n'kukhala pambali pawo chikwama chili pamiyendo. "Musayambe ndi kupepesa," ankawalangiza panjira. "Yambani ndi kuwauza chimene chimamuopsa mwanayo." Masiku ano kuli akatswiri a zimenezi okhala ndi masatifiketi pakhoma, ndipo ena a iwo anabwerapo kudzajambula makhadi awo ndi foni. Ngati anawatchulapo dzina kumene amakalankhulako, ife sitinamve.

Chaka chatha, masamba akugwa, anawapeza ndi khansa yofalikira kale. Za malo okhala Du-sik sanade nazo nkhawa kwambiri, popeza pepala loona lija linamupezera wothandiza wa boma wobwera kunyumba katatu pasabata. Nkhawa yawo inali ya maliro. Mwana wamwamuna woyamba ndiye mwini maliro: amavala suti yakuda ndi kansalu ka mizere iwiri pamkono, amaima masiku atatu pambali pa chithunzi cha womwalira, ndipo aliyense wobwera kudzapepesa amaweramirana naye. Alamu awo, a Maeng Gil-ho, anabwera kudzawazonda atatenga mapeyala ndi maganizo okonza kale.

"Alamu, musavutike, mwana wanga adzaimapo," anatero. "Du-sik adzapite kuntchito monga mwa masiku onse. Kudzabwera anthu aulemu wawo, mukudziwa."

"Ndinamubisa papepala zaka khumi ndi chimodzi, alamu," anayankha. "Pamaliro anga sabisika."

Anajambula makhadi makumi awiri ndi awiri. Madzulo alionse Du-sik akaweruka, mayi ake ankaika chithunzi chawo patebulo la pabalaza, kumuveka jekete, iwo n'kutuluka panja, kugogoda, n'kulowa ngati mlendo, akugwira khoma.

"Lero ndine a tcheyamani, taona mimbayi," ankatero atalowetsa pilo m'juzi. "Lero ndine bambo ako aang'ono, ndaledzera, ndilankhula mokuwa. Utani?"

"Kuwerama. Zikomo pobwera. Pitani mukadye."

"Akakugwira paphewa?"

"Kuwerenga mpaka faifi."

Tsiku lina anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti, "Amayi afa."

"Sindinafe, bambo iwe, tikuyeserera."

"Amayi adzafa Lachingati?"

"Sanandiuze. Akandiuza ndidzakujambulira."

Hye-suk anafika sabata yomaliza, ali mayi wa imvi zake, wosakwatiwa. Anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko chikhoti osavula. Mayi Apolonia anati, "Sindinakupepese mokwanira."

"Mukanabwereranso tsiku lija mukanachita zina?"

"Ayi."

"Ndiye musapepese, amayi. Mukufuna madzi?"

Anagona komweko. Lachitatu masana Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta. Mayi Apolonia anayankha mapemphero onse ndi mawu omveka, kolona ili m'manja, kenaka anatseka maso ngati munthu wotopa ndi ulendo wa kumsika. Du-sik anali kuwongola ngodya za bulangeti lawo, ndipo anamaliza zonse zinayi.

Amene munabwera kumaliro munaona nokha. Anaima masiku atatu, makhadi ali m'thumba la jekete. Tsiku loyamba masana bambo ake aang'ono aja anayesa kumukoka kuti akapume, mwana wawo aimepo, koma Hye-suk anangoima pakati pawo mpaka iwo anachoka. Du-sik anaweramira aliyense mofanana, ahedi opuma aja, amayi a kimchi aja, ngakhale mayi a ku sitolo ya mankhwala amene analowa ndi ndodo. "Zikomo pobwera. Pitani mukadye." Kawiri anatseka makutu n'kuwerenga mpaka faifi, kenaka n'kuimanso bwino.

Atabwerako kumanda, anthu atabalalika, anatembenuza khadi lomaliza, lokhala ndi dothi ndi mtanda. Kuseri kwake kunalibe lina. Anawerenganso onse kuyambira poyamba.

"Achemwali, lotsatira," anatero.

Hye-suk anafufuza m'chikwama cha amake. Munali kolona, lumo, cholembera ndi kalendala yosadula. Anakhala pansi pakhonde atavala zakuda zomwezo, n'kujambula basi, kenaka mkazi wonyamula chikwama, pansi pake n'kulemba kuti Loweruka. Mawa lake anabwerera ku Busan. Pa Maloweruka asanu amene apitapo wabwera atatu, ndipo awiri enawo anaimba foni Lachisanu kuti khadi lisinthidwe.

Ambuye awapatse mayi Apolonia mpumulo umene kuno sanaupeze. Chitsanzo chimene atisiyira sichifuna msonkhano wa bungwe kapena chikwangwani pakhoma. Du-sik akubwerabe ku Misa ya sikisi m'mawa, amakhala yekha benchi yomaliza kumanzere. Sakupatsani moni ndipo sakuthokozani. Wofuna kukhala naye akhale kudzanja lake lamanja, asamugwire, asamufunse mafunso. Koma amene akudziwa kuti sabweranso sabata inayo ndi bwino asayambe n'komwe, chifukwa akakuonani kamodzi amakusungirani malo.